Zinki ndi mafuta a mbewa zonenepa za mu labotale

Mwafunsa ngati kuwonjezera zinki m'chakudya kungachepetse mafuta a mbewa zonenepa, komanso mmene mungayesere zimenezi. Musayembekezere kuti mbewazo ziwonda. Kafukufuku wa ku Taiwan wa mu 1996 anapeza kuti mbewa zonenepa zitapatsidwa zinki wochuluka, mafuta ake anawonjezeka. Pamene zinki amaoneka kuti akuthandiza m'pa shuga wa m'magazi, monga mwa mbewa za db/db (mtundu wonenepa womwe umadwala shuga), ndipo n'zomveka, poti kapamba amasunga insulini atamanga pamodzi ndi zinki.

Yambani mwasankha mtundu wa mbewa. Za ob/ob zimanenepa chifukwa zilibe leptin, homoni youza ubongo kuti thupi lili ndi mafuta okwanira, ndiye zimangodya osaleka. Za C57BL/6J mumazinenepetsa nokha ndi chakudya chomwe 60% ya mphamvu zake ndi ya mafuta. Zotsatira za magulu awiriwa musaziphatikize.

Pogona nkhani m'pa chakudya. Chakudya wamba cha mbewa chili ndi chimanga ndi soya, ndipo phytate, mankhwala achilengedwe a m'mbewuzi, amagwira zinki kuti asalowe m'thupi, choncho simungadziwe kuti mbewa yalandira wochuluka bwanji. Gwiritsani ntchito AIN-93G, chakudya cha mu labotale chosakanizidwa mopima bwino, chomwe amaikamo zinki 30 mg pa kilogalamu. Pofuna gulu losowa zinki, pansi pa 1 mg pa kilogalamu, chotsani casein, puloteni wa mu mkaka yemwe ali m'chakudyachi, chifukwa amabwera ndi zinki wake, muikemo ufa wa choyera cha dzira. Apo muwonjezere vitamini wa biotin, apo ayi avidin, puloteni wa m'dziramo, amugwira, mbewa n'kuyamba kuthothoka ubweya inu n'kumanamizira zinki.

Mbewa yosowa zinki imataya chilakolako cha chakudya. Ikawonda, mudziwa bwanji ngati ndi zinki kapena njala chabe? N'chifukwa chake pamafunika gulu lina lolandira zinki wokwanira, koma lopimiridwa chakudya chofanana ndi chimene zosowa zinki zinadya dzulo lake. Kafukufuku wopanda gulu limeneli ife sitimukhulupirira.

Khola nalo limawononga ntchito. Waya wa galata ndi wokutidwa ndi zinki, ndipo mbewa imanyambita ndi kutafuna. Zotsekera mabotolo za labala nazo zili naye. Khola likhale lapulasitiki kapena lachitsulo chosachita dzimbiri, madzi akhale deionized, kutanthauza ochotsedwa mchere wonse.

Ku gulu la zinki wambiri, yezani kopa m'chiwindi. Zinki wochuluka amachititsa matumbo kupanga metallothionein, puloteni yemwe amatsekereza kopa, kenako magazi amachepa.

Sikelo yokha singakuuzeni za mafuta. Yezani ndi makina ounika mafuta m'thupi, DEXA kapena EchoMRI, ndipo pomaliza muchotse mafuta ozungulira machende n'kuwapima paokha. Maselo ofiira a magazi akasweka potenga magazi oyezera zinki, plasma (gawo lamadzi la magazi) n'kufiira, tayani, chifukwa maselo ofiira ali ndi zinki wochuluka kuposa plasma ndipo nambala idzakwera mwabodza.