Osiloskopu yotsika mtengo kwa wopanga synth kunyumba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa ku Zomba. Akupanga synth, chida choimbira chopanga mawu ndi magetsi. Wamaliza kumanga VCO yake yoyamba (gawo lotulutsa mawu) pa chip cha AS3340, tsopano ali kalikiliki ndi fyuluta (gawo losefa mawuwo), koma akuti mawu akutuluka ngati wailesi yosowa siteshoni. Chida chokha chomwe ali nacho ndi multimeter. Funso lake linali lalifupi: agule osiloskopu (chida choonetsa pa sikirini mmene magetsi akusinthira) iti yosawononga thumba, ndipo kodi ka DSO138 komwe kamagulitsidwa motchipa pa intaneti kangamuthandize?

Achimwene, tiyambire pa ma MHz, muyeso wa liwiro lomwe osiloskopu ingathe kuonetsa, chifukwa ndi pamene ogulitsa amatikolera. Khutu la munthu limamva kuyambira 20 Hz kufika cha ku 20 kHz. Mukawerenga zimenezi mungaganize kuti osiloskopu ya 200 kHz ngati DSO138 yakwana ndi kutsala. Pa kuona ngati saw wave yanu (funde looneka ngati mano a sowo) ndi yowongoka, yakwanadi. Koma phokoso lomwe mwandiuzalo nthawi zambiri silikhala pamene khutu limafika. Op-amp (chip chokulitsa siginolo) ngati TL072 ikasowa capacitor ya 100 nF pafupi ndi miyendo yake ya magetsi, kapena mukaipachika chingwe chachitali kwambiri, imatha kuyamba kudzizunguza yokha pa liwiro la makilohertz mazana angapo, mwina kupitirira 1 MHz. Khutu limangomva mawu oipa. Pa sikirini yabwino mumaona mzere wonenepa ngati wolembedwa ndi choko chonyowa, ndiye mumadziwa kumene kuli vuto. Ka DSO138 sikangakuonetseni zimenezo bwinobwino. Ine ndimati 20 MHz ndi pokwanira pa ntchito yathu, ndipo zopitirira apo ndi zabwino koma musadziphe nazo.

Chomwe ndingakuumirizeni ndi ma channel awiri (makomo awiri opimira) ndi DC coupling, yomwe imaonetsa ngakhale ma volt osasintha, otchedwa DC. Mu synth zambiri zomwe zimavuta sizimveka n'komwe. Awa ndi ma siginolo olamulira magawo ena a synth: LFO imayenda pang'onopang'ono pansi pa 20 Hz, envelope imakwera n'kutsika kamodzi basi, CV (ma volt olamulira) imangokhala pa ma volt ake phee. N'chifukwa chake njira yolumikiza bolodi lanu ku sound card ya laputopu m'malo mwa osiloskopu, ngakhale ili yaulere, imakusiyani panjira: sound card imatseka DC, ndipo envelope yanu imaoneka yopotoka. Ndiponso siginolo ya Eurorack (mtundu wotchuka wa synth ya zigawozigawo) imasewera pa ma volt 10 kuchokera pansi kufika pamwamba, zomwe zingawotche khomo la laputopuyo mukapanda kuichepetsa. Ma channel awiri ndi oti muone cholowa mu fyuluta ndi chotuluka nthawi imodzi. Ndi channel imodzi mumakhalira kusuntha probe (chingwe chopimira) uku ndi uku, kenaka n'kuiwala zomwe munaona poyamba.

Tsono zogula. DSO138 yeniyeni ndi ya JYE Tech, koma zotengera zadzaza msika. Ili ndi channel imodzi ndi kasikirini ka mainchesi 2.4. Ngati ndalama zathina, igulani ngati masewera ophunzirira kuwotcherera, osati ngati chida chomwe mudzadalire chaka chamawa. Hantek 6022BE imalowa pa USB, ili ndi ma channel awiri ndi 20 MHz, ndipo ubwino wake kwathu kuno ndi woti magetsi akazima imapitiriza ndi batire la laputopu. Ilibe AC coupling, yomwe imachotsa DC n'kusiya zosinthasintha zokha, choncho kuyang'ana kaphokoso kakang'ono pamwamba pa +12V kumavuta.

Ndikadakhala inu, ndikadapirira miyezi ingapo n'kusungira Rigol DS1054Z. Inatuluka mu 2014, ili ndi ma channel anayi ndi 50 MHz, ndipo kwa zaka zambiri inkagulitsidwa cha pa madola 400. Onjezanipo mtengo wotumizira pa ndege ndi msonkho wa pa chipata musanasangalale. Yogwiritsidwa kale ntchito imapezeka motsikirapo.

Kulinso zakale za chubu, ngati Tektronix 465 ya m'ma 1970. Ndimazikonda mosabisa. Mzere wobiriwira uja umavina limodzi ndi chala chanu pa chopotokola cha resonance cha fyuluta, popanda kuchedwa. Koma n'zolemera, sizisunga chithunzi, ndipo LFO imangooneka ngati kadontho koyenda. Ikachokera ku America, yang'anani kumbuyo kuti yaikidwa pa 230V musanaiike pa soketi.

Pochuna VCO kuti volt imodzi izikweza mawu ndi okitevu imodzi (1V pa okitevu), musadalire osiloskopu iliyonse mwa izi. Semitoni imodzi (gawo limodzi mwa magawo 12 a okitevu) ndi ma millivolt 83 okha, pamene osiloskopu ya 8-bit imagawa sikirini m'magawo 256. Mukayala ma volt 10 pamenepo, gawo limodzi ndi pafupifupi theka la semitoni. Apa multimeter yanu ija ndi tuner ya pa foni zikuposa. Chunani 440 Hz, onjezani volt imodzi, potokozani trimmer (kachochunira ka pa bolodi) mpaka ifike 880 Hz, mubwerezebwereze.

Chomaliza ndi kang'ona kakuda ka pa probe, kachopanira kooneka ngati kamwa la ng'ona. Pa osiloskopu yapatebulo, kang'ona aka n'kolumikizana ndi earth ya pa soketi. Tsiku lina ndili ndi tulo ndinakakoletsa pa -12V poganiza kuti ndi ground. Kunamveka "thwa!", kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo kanjira ka kopa pa bolodi kanasanduka phulusa. Kang'ona kamapita pa ground basi. Probe yokha muiike pa 10x, muilumikize ku kachitsulo ka square wave kamene kali kutsogolo kwa osiloskopu, mupotokoze kasikuluwu kake mpaka ngodya zikhale zakuthwa. Mukatero, pimani mwendo wotulutsa wa op-amp yoyamba mu fyuluta yanu, mundilembere zomwe mwaona.