Kompyuta imodzi, ana atatu: zitheka?

Funso: Amisiri, ndimaphunzitsa ana kutaipa pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ndili ndi desktop imodzi ya Core i5, RAM 8GB, koma mamonita alipo atatu. Ana amachita kulandizana mpando. Mnzanga akuti ndiikemo VirtualBox kuti aliyense akhale ndi yake. Zoona?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo sananame, koma wakulozerani njira yozungulira. VirtualBox imamanga kompyuta ina m'kati mwa yanuyo, ili ndi Windows yakeyake, ndipo iliyonse imadya payokha RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo. Mukayatsa ziwiri pa 8GB, makina ayamba kukwawa ngati nkhono. Imathandiza munthu wofuna kuyesa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, osafufuta Windows, osati kukhazika ana atatu.

Inu mukufuna multi-seat. Windows imakhala imodzi yomweyo, koma mwana aliyense ali ndi monita, kiyibodi, mausi ndi akaunti yake. Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi ASTER. Ndi yogula, koma imakupatsani kaye masiku oyesera.

Musanagule kanthu, tembenuzani bokosi la kompyutalo muwerenge poloweka mamonita kumbuyo: VGA yabuluu ija, HDMI, DisplayPort. Apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo. Ma i5 akale, monga i5-2400, amayatsa mamonita awiri okha ngakhale mabowo atakhala atatu. Wachitatuyo afuna graphics card yoonjezera, khadi yotumiza zithunzi ku monita. Pa Linux multi-seat ndi yaulere, mumagawa zipangizo potaipa lamulo la loginctl attach, kungoti kawirikawiri mpando uliwonse umafuna khadi yakeyake. Dziwaninso kuti laisensi ya Windows wamba imalola munthu mmodzi pa nthawi imodzi.

Ndikanakhala ine, ndalama yoyamba ikanapita ku RAM, ifike 16GB, kenako SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk. Word ndi Excel sizilemera. Cholemera ndi mwana amene watsegula YouTube mwakabisira.

Koma kumbukirani, bokosilo likazima, azima nalo onse atatu. UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, musaisiye. Ndipo kwathu kuno kuli chiperoni: musaliike pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera. Tsiku lina likadzangolira piii piii m'mawa monita ili bii, zulani ku magetsi, chotsani RAM, pukutani mano ake agolide aja ndi labala ya pensulo, bwezeranimo mpaka imveke kuti kha.