Mapu oyera mbee ndi foni yobwerekana pakhomo

Bambo wina wa ku Tsangano, kuno ku Mozambique, wafunsa kuti: "Amisiri, ine ndimanyamula kachewere kupita naye kumsika ku Tete. Ndikafika pamalo opanda netiweki, mapu a m'foni amangoyera mbee, n'kutsala kadontho kabuluu kokha. Kodi GPS yanga yafa?"

Sinafe ayi bambo, kadontho komweko ndi umboni woti ili moyo. Foni imadziwa pamene mwaima pomvera masetilaiti amene ali kumwamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo ikamva anayi basi yadziwa. Zimenezi sizidya bandulo ngakhale pang'ono. Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha misewu ndi mayina a malo, n'chifukwa chake kadonthoko kamatsala kali kokhakokha ngati ntchentche mumkaka.

Mankhwala ake ndi kusungiratu mapu m'foni musananyamuke. Tsegulani Google Maps, dinani kachithunzi kanu pakona yakumwamba kudzanja lamanja. Mafoni ambiri ogula kuno amalankhula Chipwitikizi, ndiye funani pamene alemba kuti Mapas offline. Pabwera bokosi, likokeni mpaka likwane Ulongue, Zóbuè, Moatize ndi Tete yemwe, kenako tsitsani. Chitani zimenezi pa Wi-Fi kapena tsiku limene muli ndi bandulo yonenepa, chifukwa dera lalikulu chonchi limadya ndithu. Mapu osungawa amakulozerani njira ya galimoto yokha. Ya wapansi kapena ya njinga satha, ndiponso sangakuuzeni kuti pamlatho wa Samora Machel pathinana.

Kumisewu yafumbi yolowa m'midzi ine ndimakonda kukhala ndi mapu awiri. Mapulogalamu ena a mapu, Organic Maps ndi OsmAnd, amatenga mapu ku OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Namondwe Idai atawononga mu 2019, anthu otere anajambula misewu ndi nyumba zambiri za m'chigawo chapakati cha dziko lino kuti othandiza adziwe kolowera. Nthawi zina kamsewu kamene kulibe uku mumakapeza uko. Koma m'dzinja musagulitse nzeru zanu kwa foni. Mapu sadziwa kuti mtsinje wadzaza usiku, amene akudziwa ndi mnyamata wa njinga yamoto amene mwakumana naye akuchokera komweko thalauza itanyowa. Imani, mufunseni.

China, popeza mumayenda m'mbali mwa malire: foni imatha kudumphira payokha pa netiweki ya Malawi, Airtel kapena TNM, ngakhale inu muli mbali yakuno. Zimitsani roaming ya data, imene imalola foni kugwiritsa ntchito intaneti pa netiweki ya dziko lina, kuti ndalama zingakuthereni osadziwa chadya.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina wa ku Ulongue: "Pakhomo pathu foni ya intaneti ndi imodzi. Ana amaigwira, abambo a kunyumba amaigwiranso. Ndikafuna kuwerenga za matenda a amayi ndimachita manyazi. Mnzanga anati nditsegule tsamba lakuda lija la kachipewa ndi magalasi, palibe amene angadziwe. N'zoona?"

Mnzanuyo ananena zoona, koma theka lokha mayi. Tsamba limenelo mu Chrome amalitcha Incognito, pa Chipwitikizi navegação anónima. Ntchito yake ndi yofufuta mapazi m'foni momwemo: mukalitseka, masamba amene munalowa ndi mawu amene munalemba pofufuza satsala m'mbiri. Pa vuto lanuli, la ana ndi abambo, likukwanirani bwino.

Koma pali mabowo atatu amene ndimawaona pabenchi panga pano. Loyamba, anthu amaiwala kutseka. Amangodina batani lobwerera kunyumba n'kuika foni pampando, tsamba lili chitsegukire, mwana akabwera akulipeza momwemo. Litsekeni lenilenilo, kapena mu Chrome yatsopano yatsani loko woti tsambalo lizifuna chala kapena nambala yanu mukachokamo, ngakhale kuti lokoyo n'ngopanda ntchito ngati nambala ya foniyo banja lonse likuidziwa. Lachiwiri, chilichonse chimene mwatsitsa, kaya chithunzi kaya PDF, chimakhalabe m'foni. Lachitatu, mukalowa mu Gmail kapena Facebook muli patsamba lakudalo, mwadziulula nokha kwa eni malowo, ndipo zimene mukuchita zingalembedwe pa akaunti yanu.

Tsono kunja kwa foni nkhani ndi ina. Kampani ya netiweki, kaya ndi Movitel, Vodacom kapena Tmcel, imathabe kudziwa dzina la malo amene foni yanu yapitako, chimodzimodzi mwini Wi-Fi wa kuntchito kapena kusukulu. Zimene mukuwerenga m'katimo nthawi zambiri saziona, popeza masamba ambiri masiku ano ndi a https, kutanthauza kuti uthenga umayenda wobisika, koma khomo limene mwagogoda amaliona. Anthu ambiri padziko ankaganiza ngati mnzanuyo. Ku America ena anasumira Google mu 2020 pankhani yomweyi, ndipo mu 2024 kampaniyo inavomera kufufuta zambiri zimene inasonkhanitsa komanso kulemba chenjezo lomveka bwino patsambalo.

Ena akamva zimenezi amathamangira VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa kompyuta ya kwina. Kumapeto kwa 2024, pamene WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kulowa chisankho chitatha, anthu ambiri anaikamo yawo. Sabata yatha mnyamata wina anabweretsa foni yotentha ngati mbaula, akuti batire yatha ntchito, ndimuikire ina. Nditayang'ana ndinapeza ma VPN aulere asanu, ina ili chiyakire usana ndi usiku, zotsatsa malonda zikungotumphuka ngati mbuliwuli. Tinachotsa onse, foni inazizira, batire sitinasinthe. VPN imabisa ulendo wanu kwa kampani ya netiweki, inde, koma imaupereka m'manja mwa mwini VPN, munthu amene simukumudziwa, ndipo ngati sakukulipiritsani dzifunseni kuti akudyera pati.

Inu mayi VPN simukuifuna. Tsegulani tsamba lakudalo, musalowe mu akaunti iliyonse, musatsitse kanthu, ndipo mukatha kuwerenga mulitseke musanapatse mwana foni.