Ma dinosaur a pa Venus: buluzi womatidwa nyanga ndi chidole cha waya n'zosiyana

Bambo wina wandilembera imelo kuti mwana wake wapeza mafilimu akale pa YouTube, aja anthu amakwera roketi n'kukatera padziko lodzaza ndi ma dinosaur. Akufunsa kuti zilombozo ankazipanga bwanji kompyuta kulibe, komanso ngati mwanayo angayesere ndi foni. Kumapeto walemba kuti zonsezi n'zachibwana basi. Pamenepo ndiye tasiyana maganizo, bambo.

Njira zikuluzikulu zinali ziwiri, ina yachidule, ina ya thukuta. Yachidule mukaione mu King Dinosaur ya 1955, ya Bert I. Gordon. Asayansi anayi apita ku pulaneti yotchedwa Nova, ndipo chilombo chachikulu cha kumeneko ndi iguana, buluzi wamoyo wojambulidwa pafupi kwambiri. Njirayi inatchuka ndi One Million B.C. ya 1940. Ankatenga buluzi kapena mwana wa ng'ona, kumumata nyanga ndi zipsepse za labala, n'kumuika pakati pa timiyala ndi timitengo. Kuti aoneke wolemera ankathamangitsa kamera. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye mukajambula 96 pa sekondi n'kuzionetsa pa 24, kuyenda konse kumachedwa kanayi, ndipo nyamayo imaoneka yaikulu ka 16. Koma maso sanamizika. Miyendo ya buluzi imatambalalira m'mbali, mimba ikukhuza pansi, pomwe ya dinosaur inkaima pansi pa thupi. Choipa koposa, nyamazo ankazimenyanitsa zenizeni ndipo zinkavulala. Zimenezi sindingaziikire kumbuyo, ndipo mwana wanu mumuuze poyera kuti asagwire buluzi aliyense.

Njira ya thukuta ndi stop motion. Willis O'Brien anaionetsa mu The Lost World ya 1925 ndi King Kong ya 1933, kenako wophunzira wake Ray Harryhausen anaipititsa patali. Mkati mwa chidole muli mafupa achitsulo okhala ndi mfundo zozungulira zomangidwa ndi masikuluwu, kunja kuli labala wofewa ngati siponji. Mapazi amamangidwira kunsi kwa tebulo. Munthu amasuntha khosi pang'ono, mchira pang'ono, chala chilichonse, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kubwereza. Mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440. Akaiwala kuti mchira umalowera kumanzere kapena kumanja, ntchito ya tsiku lonse yapita. Onerani ntchito ya Harryhausen mu 20 Million Miles to Earth ya 1957, mmene chombo chochokera ku Venus chikugwera m'nyanja pafupi ndi Sicily, ndipo chilombo cha mamba chimene chinabwera nacho chikukamenyana ndi njovu mumzinda wa Rome. Muone mmene chikutikitira maso chitangobadwa, kuwala kukuchithobwa. Ameneyo ndi munthu mmodzi ndi zala zake. Kutcha zimenezi chibwana n'kulakwira mmisiri.

Kuti chidole chioneke pakati pa anthu, Harryhausen ankaonetsa filimu ya osewera pa sikirini kumbuyo kwa chidolecho, chithunzi chimodzichimodzi. Kutsogolo kwa kamera ankaika galasi lopakidwa penti wakuda m'munsi, kubisa tebulo. Akamaliza ankabweza filimu, kuphimba kumtunda, n'kujambula m'munsi mokha. Choncho chilombo chimakhala ngati chaponda nthaka imodzi ndi anthu. Kunjenjemera kumene mumakuona kuli ndi chifukwa chake. Chinthu chamoyo chikamathamanga chimatuluka chachimbuuzi pang'ono pachithunzi chilichonse, koma chidole chimajambulidwa chitaima, ndiye chithunzi chilichonse chimakhala chakuthwa mopitirira.

Nanga n'chifukwa chiyani Venus, Nthanda yathu ija ya m'mamawa? Yakutidwa ndi mitambo yosaonetsa pansi, ndiye anthu ankangoganizira. Mu 1918 wasayansi wa ku Sweden, Svante Arrhenius, analemba kuti kumeneko n'konyowa, kwa madambo, ngati dziko lathu kalekale. Olemba nkhani anangowonjezera zilombo. Filimu yabwino koposa pagululi, kwa ine, ndi Planeta Bur ya 1962, imene Pavel Klushantsev anapanga ku Leningrad. Zovala za oyenda m'mlengalenga, galimoto youluka ndi loboti yotchedwa John zinapangidwa mosamala kwambiri, ngakhale tizilombo tina ndi anthu ovala zikopa za labala. Mu December chaka chomwecho chombo cha Mariner 2 chinadutsa pafupi ndi Venus n'kupeza kuti n'kotentha koopsa, ndipo mu 1970 Venera 7 inatera n'kuyeza madigiri a Celsius pafupifupi 475. Madambo aja anathera pomwepo. Chenjerani kuti mwana wanu angaonere filimu imodzi katatu. Roger Corman, wopanga mafilimu wa ku America, anagula Planeta Bur, n'kuidula ndi kuikamo osewera ena, ikutuluka ngati Voyage to the Prehistoric Planet mu 1965 ndi Voyage to the Planet of Prehistoric Women mu 1968. Afunefune yoyambayo. Pambuyo pake aone Planet of Dinosaurs ya 1977, yosewera mofooka koma ya zidole zabwino zedi. Ndipo akafuna kudziwa mmene mafupa enieni amalumikizirana asanapinde waya, chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, dinosaur wopezeka ku Malawi, chili kunyumba yosungira zakale ku Karonga.

Tsopano za foni

N'zotheka. Apote mawaya awiri kapena atatu a aluminiyamu pamodzi, chifukwa umodzi umathyoka msanga pamfundo. Chidole chisapitirire masentimita 20, miyendo ikhale yaifupi ndi yonenepa. Akute wayayo ndi siponji, kenako plasticine, dongo logula lija losauma, pamwamba. Dongo la kudambo limauma n'kung'aluka. Mapazi awakhome pathabwa ndi tisikuluwu kapena mapini, apo ayi chidole chimatsetsereka. Foni imangidwe zolimba, ndipo azijambula ndi batani la pa mahedifoni kuti asaikhudze. Atseke mawindo n'kuyatsa nyale imodzi kapena ziwiri, chifukwa dzuwa limasuntha ndipo filimu imaphethira; akhomenso focus (kuthwa kwa chithunzi) ndi exposure (kuwala kwake) kuti foni isamadzisinthire yokha. Pulogalamu ya Stop Motion Studio imaonetsa mthunzi wa chithunzi chapitacho, zomwe zimathandiza kuyeza. Ayambe ndi zithunzi 12 pa sekondi, masekondi 10 akhale zithunzi 120. Azisuntha mamilimita 2 mpaka 5, pang'ono poyamba kuyenda, kwambiri pakati, pang'ononso poima. Asayambe ndi kuyenda, n'kovuta koposa zonse. Ayambe ndi mutu wotembenuka ndi mchira wogwedera, mapazi ali chikhomereni.