Mafunso ndi Mayankho: Kodi wodandaula za madzi wasiya kukhutira ndi Mulungu?

FUNSO: Abusa, ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Ndirande. Kwathu kuno mpopi umatha masiku atatu kapena anayi osadontha, ndipo madzi akati abwere amabwera pakati pa usiku, moti ndimagona khutu lili panja kumvetsera ngati mpopi wayamba kulira. Akapanda kubwera ndimalawirira ku kiyosiki kukandandalika zigubu pamzere. Tsiku lina ku Mvano ndinapempha kuti tipempherere vutoli, koma mayi wina wachikulire anandidzudzula kuti Mkhristu amakhutira ndi zimene ali nazo, ndiponso kuti kudandaula za madzi ndi tchimo limene Aisraeli anachita m'chipululu. Chinanso chimene ndiyenera kuulula n'chakuti aneba athu anaimika thanki yaikulu ndipo amathirira kapinga, moti ndikaona mtima umandiwawa. Kodi ndikuchimwa? Ndipo ngati Mulungu amapatsa ana ake madzi, bwanji Blantyre ali ndi ludzu pamene nyanja ili m'dziko lomwe lino? Ndine mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi funso lomalizalo, chifukwa tikaligwira bwino, enawo apepuka.

Madzi a pa dziko lapansi, pafupifupi 97 mwa magawo 100 alionse ndi amchere, oti munthu sangamwe kapena kuthirira mbewu, ndipo mwa ochepa otsalawo, ambiri ndi oundana kumalekezero a dziko kapena ali pansi pa nthaka. Komabe tsiku ndi tsiku dzuwa limawomba pa nyanja zamchere n'kukweza nthunzi, mcherewo n'kutsala pansi, ndipo nthunziyo imasanduka mitambo imene mphepo imaikankhira kumtunda kumene kuli anthu, ziweto ndi minda. Pa Yobu 36:27-28 akunena za Mulungu amene amakoka madontho a madzi kupita nawo kumwamba n'kuwagwetsanso ngati mvula pa anthu ambirimbiri, ndipo Mlaliki 1:7 akudabwa kuti mitsinje yonse imathira m'nyanja koma nyanjayo sidzadza. Ife a kuno kummwera zimenezi timaziona ndi maso. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimatitopetsa chifukwa zovala siziuma pachingwe, ndi mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja yamchere ya India, imene imadutsa Mozambique n'kudzagunda mapiri athu. Ikafika pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, imakakamizika kukwera, imazizira, n'kusiya madzi ake pamenepo, ndipo mitsinje ya Ruo, Lichenya ndi Likhubula imatsika nawo. Ndinaimapo pa mathithi a Likhubula m'mwezi wa Okutobala, pamene kuno kutauni fumbi linali koboo, ndipo nditatapa madziwo m'manja anali ozizira mpaka kuwawitsa mano, oyera moti timiyala ta pansi tinkawerengeka. Palibe amene analipira bilu kuti madzi amenewo achotsedwe mchere, ndipo Ambuye Yesu anati Atate amavumbitsira mvula olungama ndi osalungama omwe (Mateyu 5:45).

Tsono nyanja ya Malawi imene mwaitchulayo ilipodi, ndipo malo ena ndi yakuya mamita oposa 700, koma khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amene timamwa mumzinda uno amatungidwa mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera kuno, ndipo popeza Blantyre anamangidwa pamtunda, madziwo amayenera kukankhidwa ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800 asanafike mumpopi wanu. Madzi sakwera phiri mwa okha. Makinawo amadya magetsi ochuluka, ndipo magetsiwo amachokeranso mu Shire yemweyo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikadulidwa kumtunda, mvula imakokolola nthaka, matope amadzadza pamalo otungirapo madzi, ndipo ntchito imachedwa. Damu la Mudi ndi laling'ono poyerekeza ndi kukula kwa mzinda, ndipo ngakhale kuyambira 2019 madzi ena akubwera m'mapaipi kuchokera ku Likhubula kudzera ku Nguludi, anthu akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Apa mukhoza kuona kuti pakati pa mtsinje umene Mulungu analenga ndi chigubu chanu pali manja a anthu ambiri: okonza mapulani, okumba mapaipi, olipira mabilu ndi osalipira, oba madzi, odula mitengo, ndiponso ife tonse amene timadutsa paipi yophulika osakanena kulikonse. Mpopi wanu ukauma, kawirikawiri chatsekeka ndi china mwa zimenezi, Shire ali kuyenda monga mwa masiku onse. Ndiwonjezere pang'ono kuti ngakhale Shireyo tisamuyese wathu wamuyaya, pakuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mumtsinjewu. Chimene agogo athu anachiona chingathe kubweranso, ndipo n'chifukwa chake madzi a tsiku lililonse ndi oyenera kuwalandira ngati mphatso.

Ndibwere kwa Aisraeli aja. Mayi amene anakudzudzulaniwo ananena zoona mbali imodzi, koma nkhaniyo ndi yofunika kuiwerenga yonse. Pa Eksodo 15 anthu anayenda masiku atatu m'chipululu osapeza madzi, ndipo atafika ku Mara anapeza owawa. Mose analirira kwa Yehova, ndipo Yehova anamuonetsa mtengo umene unasandutsa madziwo kukhala abwino, kenaka anawafikitsa ku Elimu kumene kunali akasupe 12 ndi mitengo ya kanjedza 70. Ludzu lawo Mulungu sanaliyese tchimo. Tchimo likutchulidwa pa Eksodo 17, ku Refidimu, ndipo ndime 7 ikulinena mosabisa: anamuyesa Yehova pofunsa ngati Iye anali pakati pawo kapena ayi, ndipo anatsala pang'ono kumuponya miyala Mose, akumunena kuti anawatulutsa mu Iguputo kuti awaphe ndi ludzu. Inu simunachite zimenezo. Inu munapita pakati pa amayi anzanu n'kupempha pemphero, kusonyeza kuti mukudziwa kumene thandizo limachokera. Hagara analira mokweza madzi atamuthera m'thumba lachikopa, ndipo Mulungu anamutsegula maso kuti aone chitsime (Genesis 21:19). Mumpingo woyamba, pamene panabuka dandaulo lakuti amayi amasiye ena ankaiwalidwa pogawa chakudya, atumwi sanawalalikire za kukhutira, koma anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oti akonze kagawidweko (Machitidwe 6).

Ngakhale Paulo, amene mawu ake pa Afilipi 4:11-12 ndiwo timawatchula kwambiri pa nkhaniyi, sanali munthu wongopinda manja. Analemba ali m'ndende kuti anaphunzira kukhutira, kaya wakhuta kaya ali ndi njala, ndipo mawu akuti kuphunzira akusonyeza kuti sizinamubwerere tsiku limodzi. Koma Paulo yemweyo, mumzinda wa Filipi, kwawo kwa anthu amene anawalembera mawuwa, atakwapulidwa popanda mlandu, anakana kutulutsidwa m'ndende mwamseri ndipo anaumirira kuti akuluakulu a mzindawo abwere okha adzamutulutse (Machitidwe 16:37). Mtima wake unali pa mtendere ndi Mulungu, koma pakamwa pake panalankhula pamene chilungamo chinapotozedwa. Mkhristu wa ku Ndirande angathe kuchita chimodzimodzi: kuthokoza Mulungu chifukwa cha chigubu chimodzi chimene wapeza, kenaka n'kupita ndi anzake kwa khansala kapena ku ofesi yoona za madzi kukafotokoza mwaulemu, ndi masiku olembedwa papepala, kuti dera lawo lakhala nthawi yaitali bwanji mipopi ili youma.

Pamene ndikufuna kuti muikepo mtima kwambiri ndi pa thanki ya aneba anu ija, ndipo ndikuyamikani kuti simunabise. Apa ndiye pali nkhondo yeniyeni ya kukhutira. Kutopa ndi kusenza ndowa si tchimo, koma kuwawidwa mtima chifukwa mnzanu ali ndi chimene inu mulibe ndi mbewu imene ikaphuka imabala nsanje, miseche, ndipo pamapeto pake imafika pa funso la ku Refidimu lija, lakuti kodi Mulungu ali nane kapena ali ndi aneba okha. Ndakhalapo pamzere wa kiyosiki m'bandakucha, pamene mayi aliyense waika chigubu kapena mwala kusunga malo ake, ndipo ndaona kuti chimene chimayambitsa mkangano nthawi zambiri si ludzu ayi, koma maganizo akuti wina akukonderedwa. Pa Ahebri 13:5 chifukwa chokhalira okhutira chikuperekedwa, ndipo chifukwacho ndi lonjezo la Mulungu lakuti sadzatisiya kapena kutitaya. Munthu amene wagwira lonjezo limenelo amatha kuona kapinga wobiriwira wa mnzake mtima uli m'malo. Muziwapempherera aneba anuwo powatchula dzina, ndipo tsiku limene zavuta, gogodani pageti lawo mupemphe ndowa ziwiri. Mwina sakudziwa n'komwe kuti kuseri kwa mpanda wawo ana akupita kusukulu osasamba. Akakana, mlanduwo ndi wawo pamaso pa Mulungu, inu musautole.

Kukhutira sikutiletsanso kugwira ntchito. Isake anafukulanso zitsime za bambo ake zimene Afilisiti anakwirira (Genesis 26), ndipo Mfumu Hezekiya akukumbukiridwa pa 2 Mafumu 20:20 chifukwa chokumba dziwe ndi ngalande yolowetsa madzi mumzinda. Phiri la Ndirande limene mumaliyang'ana m'mawa uliwonse linali ndi nkhalango, ndipo mitengo imeneyo ndiyo inkagwira mvula kuti ilowe pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'timitsinje ngati Nasolo. Phiri likakhala mbee, mvula imathamanga yonse tsiku limodzi, kuwononga nyumba za m'munsi, ndipo chilimwe chikafika zitsime zimaphwa. Amayi a Mvano akhoza kutsogolera pobzala ndi kusamalira mitengo dzinja likubwerali. Ndipo mvula ikayamba musalole denga lanu kutaya madzi pachabe: mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la malata lotalika mamita 10 ndi 5 m'lifupi imapereka malita 500, amene ndi zigubu 25 za malita 20. Mvula yoyamba muisiye itsuke fumbi la padenga, ndipo madzi akumwa, kaya ndi a padenga, a pachitsime kapena ogula, muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a kolorini, pakuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri.

Mayi achikulire aja musawasungire mangawa. Mwina iwo anakula akusenza mtsuko pankhata kuchokera kudambo lakutali, ndipo kwa iwo kukhala ndi mpopi pakhomo, ngakhale wotuluka kawiri pa sabata, ndi chinthu chachikulu. Kawachezereni kunyumba kwawo, muwerenge limodzi Eksodo 15 ndi 17, ndipo muwapemphe kuti pa msonkhano wotsatira akhale iwowo otsogolera pemphero la madzi.

FUNSO: Abusa, ndinakumbitsa mjigo pakhomo panga ku Machinjiri ndi ndalama zanga za penshoni, ndipo anthu amabwera kudzatunga. Kodi ndikulakwa kuwalipiritsa, poti madzi ndi a Mulungu? Ndine bambo wa ku Machinjiri.

YANKHO: Bambo, simukulakwa kulandira kangachepe kogulira magetsi ndi kukonzera pampu ikawonongeka, chifukwa mjigo ukafa n'kusowa wokonza, inu ndi anthu omwewo mudzavutika pamodzi. Chimene munagula ndi ndalama zanu ndi dzenje, mapaipi ndi pampu. Madzi amene ali pansipo ndi mvula imene inagwa pa minda ndi mapiri a anthu ena zaka zapitazo n'kulowa m'nthaka, ndipo sadziwa malire a puloti ya munthu. Mukamapopa mopyola muyeso, chitsime cha mnzanu wapafupi chimatsika. N'chifukwa chake malamulo a dziko lino a 2013 okhudza madzi anakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo za kakumbidwe ndi katungidwe ka madzi, ndipo ndi bwino kukafunsa kumeneko ngati mapepala a mjigo wanu ali m'malo mwake.

Pa 1 Timoteo 6:6-10 Paulo akuika kukhutira moyang'anizana ndi kufunitsitsa kulemera, choncho mayeso anu adzafika tsiku limene mipopi ya dera lonse yauma ndipo mzere wafika kumsewu. Tsiku limenelo mtengo ukhale womwe uja wa masiku onse. Agogo osamalira ana amasiye, odwala ndi maanja amene ali pamaliro muziwalola kutunga ulere, ndipo muuze wokuthandizani pampopipo mayina awo kuti asamachite kupempha pamaso pa anthu. Popeza tsopano mabanja ambiri akumwa kuchokera pakhomo panu, onetsetsani kuti palibe chimbudzi chokumba kapena dzala pafupi ndi mjigowo, ndipo kayezetseni madziwo mvula ikayamba, pamene zonyansa zimalowa pansi mosavuta.