Kodi ife a ku Mangochi tingakhale ndi wailesi yathu ya kanema?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ku Mpondasi. Mlamu wanga amene anakhalako ku America anandiuza kuti kumeneko kuli timawailesi ta kanema tomwe timaoneka m'tauni imodzi yokha, moti ana a sukulu amadzionera okha akusewera mpira. Kodi zimenezi zinayamba bwanji, ndipo amaonetsa chiyani tsiku lonse? Nanga chingatiletse n'chiyani kukhala ndi yathu, poti kuno timatchulidwa pa kanema pokhapokha boti likamira kapena kolera ikabuka?

YANKHO: Aphunzitsi, alamu anuwo ananena zoona. Ku America mawailesi otere anavomerezedwa mu 1982, pamene bungwe la FCC, lomwe limayang'anira zoulutsa m'dzikomo, linayamba kupereka ziphaso kwa nyumba za kanema zoulutsa ndi mphamvu yochepa, ngakhale kuti ina inali itayamba kale mu 1981 m'katauni ka Bemidji ku Minnesota. Cholinga chinali chakuti madera akumidzi, komanso anthu a zilankhulo zomwe mawailesi akuluakulu sankaziganizira, apeze poonekera. Masiku ano wailesi yotere siiloledwa kupitirira makilowati 15 pa mafunde a kanema otchedwa UHF, pamene zikuluzikulu zimafika makilowati 1,000, ndipo yaing'ono ikasokoneza yaikulu, imene imasamuka kapena kutseka ndi yaing'onoyo.

Zoonetsa zake n'zomwe alamu anu anaona: mpira wa sukulu za m'deralo, misonkhano ya khonsolo, mapemphero, ndi nkhani m'zilankhulo monga Chisipanishi. Koma pali mbali ina imene mwina sanakuuzeni. Ambiri mwa mawailesiwa sajambula kanthu, amangolandira mapulogalamu a malonda kapena a chipembedzo ochokera kutali n'kumawaulutsa usana ndi usiku. N'chifukwa chake lamulo la mu 1999, pofuna kuteteza amene ankatumikiradi madera awo kuti asamasamutsidwe ndi mawailesi akuluakulu, linati wofuna chitetezocho aziulutsa maola 18 patsiku ndipo azikhala ndi maola osachepera atatu pa sabata a mapulogalamu okonzedwa kwawo komweko. Taonani, maola atatu okha pa sabata yathunthu, m'dziko lolemera chotero! Nambala imeneyi ikuuzeni pamene pagona vuto lenileni.

Kuno kwathu kanema anabwera mochedwa. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linali ndi wailesi ya mawu yokha, ndipo Television Malawi inayamba mu 1999, kenaka inadzaphatikizidwa ndi MBC. Komabe Mangochi si mlendo pa nkhani youlutsa. Wailesi ya Dzimwe inayamba ku Monkey Bay mu 1998 mothandizidwa ndi UNESCO, Radio Maria inatsegulidwa pa boma pa Mangochi pomwepo mu 1999, ndipo apa pa Balaka ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa Luntha TV, yomwe inatsimikiza kuti kanema angathe kuulutsidwa kuchokera m'tauni yaing'ono.

Chimene chasintha n'chakuti njira ya ku America ija, yoti aliyense aimike mlongoti wake ndi makina ake oulutsira, siyikugwirizananso ndi mmene zinthu zilili kuno. Chisamukireni dziko ku maulutsidwe a dijito, nyumba ya kanema imakonza mapulogalamu, koma owafikitsa m'makomo ndi ena, monga kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni dikoda ya Kiliye Kiliye. Choncho mufunika chiphaso cha MACRA, bungwe loyang'anira zoulutsa m'dziko muno, komanso ndalama zolipirira okunyamulirani zithunzizo mwezi ndi mwezi. Kwa boma ngati lanu zimenezi si zoipa kwenikweni, chifukwa mafunde a kanema amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo phiri likaima pakati amathera pomwepo. Mlongoti waung'ono woimikidwa pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ukhoza kufikira Mpondasi, M'baluku ndi midzi ya m'chigwa cha Shire, koma anthu a ku Namwera ndi ku Katuli, kuseri kwa zitunda, kapena a ku Makanjira, sangaone kanthu.

Tsono tibwerere ku maola atatu aja. Kamera masiku ano si yovuta, pakuti foni yabwino imajambula zooneka bwino ndithu. Chovuta n'kukhala ndi chatsopano choonetsa Lolemba, Lachiwiri, mpaka chaka chithe, magetsi atazima, jenereta ikufuna mafuta, achinyamata ongodzipereka atapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo otsatsa malonda ali ogulitsa m'magolosale amene sangalipire zambiri. Wailesi ya mawu imapirira zonsezi chifukwa munthu mmodzi ndi maikolofoni akhoza kudzaza ola lathunthu, koma kanema amafuna wojambula, wokonza zithunzi, mayendedwe, ndi kuwala kokwanira.

Ine ndimakhulupirira kuti Mangochi ali ndi zoonetsa zokwanira, kuposa maboma ambiri, malinga mutayang'ana pafupi. Pitani pa doko m'bandakucha, maboti akamakocheza, amayi atandanda ndi mabeseni m'mphepete mwa madzi akunenerera mtengo wa chigoba cha usipa, ena akuyanika kale pa thandala. Mtengo wa tsiku limenelo, pamodzi ndi chenjezo la a zanyengo lakuti mwera ukuntha liti, ndi nkhani imene msodzi wa ku Malindi angaidikire madzulo aliwonse, ndipo palibe wailesi ya ku Blantyre imene ingamupatse. Nyengo yotseka nyanja ikafika, akomiti a m'madoko ndi alangizi a zausodzi akhoza kufotokoza pamaso pa anthu chifukwa chake chambo chikusowa m'nyanja ya Malombe. A zaumoyo angaonetse nkhono zofalitsa likodzo m'malo mongozitchula, ndipo beni, manganje ndi sikiri zingajambulidwe agogo odziwa nyimbo zake adakali moyo. Zonsezi ziyenera kukhala m'Chiyao ndi m'Chichewa mofanana, ndipo nthawi ya mapemphero igawidwe mwachilungamo pakati pa Asilamu ndi Akhristu, apo ayi theka la boma lidzati wailesiyo ndi ya ena.

Malangizo anga ndi akuti musayambe n'kufunafuna chiphaso. Sonkhanitsani aphunzitsi anzanu ndi achinyamata ochepa, muzijambula mphindi 30 sabata iliyonse, muziika pa Facebook ndi kutumiza pa WhatsApp, ndipo mupemphe eni mavidiyo sho a pamsika kuti aziionetsa mpira wa ku Ulaya usanayambe. Mukatha chaka osadumphitsa sabata, mudzakhala ndi chogwirika chokaonetsa ku khonsolo, kwa mafumu, ndi ku MACRA, ndipo nyumba za kanema zomwe zilipo kale zikhoza kukupatsani nthawi pa ndandanda wawo. Pojambula ana a sukulu anuwo, yambani mwapempha chilolezo kwa makolo ndi kwa aphunzitsi aakulu.