Mafunso Anu: Kodi Digiri ya Architecture Imaoloka Malire?

Makalata a mwezi uno akukhudza akatswiri ojambula mapulani a nyumba, omwe ambiri timangowatchula kuti ma architect, komanso mmene mabungwe awo amazindikirirana dziko ndi dziko. Ayankha ndi anthu odziwa kalembetsedwe ka ntchitoyi.

Zikomo akonzi. Mwana wanga akumaliza digiri ya architecture ku MUBAS ku Blantyre, ndipo mtima wake uli ku Joni. Tamva kuti mabungwe a ntchitoyi padziko lonse ndi ogwirizana. Ndiye kuti akangofika ayamba kusainira mapulani?
*Mayi wa ku Ndirande*

Ayi amayi, sayamba pomwepo. Pali zinthu zitatu zomwe anthu amaziphatikiza pamene n'zosiyana: kuvomerezeka kwa sukulu, kulowa m'kaundula wokhazikitsidwa ndi lamulo, ndi umembala wa bungwe la akatswiri. Chopatsa munthu mphamvu yosainira mapulani ndi chachiwiricho. Kuno kwathu kaundula ali m'manja mwa Board of Architects and Quantity Surveyors, pamene Malawi Institute of Architects ndi bungwe la eni ntchito. Ku South Africa kaundula amasunga ndi SACAP, khonsolo yoyang'anira ntchitoyi, motsatira lamulo nambala 44 la chaka cha 2000, ndipo SAIA ndi bungwe la ma architect lolowa mwakufuna.

Mwana wanu ayambira ku SAQA, ofesi yomwe imayeza mapepala akunja n'kunena mlingo womwe akugwera m'maphunziro a dzikolo. Ndi kalata ya SAQA m'manja apempha SACAP kuti imulembe ngati candidate, kutanthauza wophunzira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa kale. Ofuna kukhala Professional Architect amakhala pamenepo miyezi yosachepera 24, akutumiza malipoti a mwezi ndi mwezi osainidwa ndi womuyang'anira, kenako amalemba mayeso otchedwa Professional Practice Examination.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi apa. SACAP ili ndi magulu anayi: Professional Architect, Senior Architectural Technologist, Architectural Technologist ndi Architectural Draughtsperson. Gulu lapamwambalo kumeneko limafuna digiri ya masitazi. Munthu wobwera ndi digiri yoyamba yokha akhoza kuikidwa pa gulu la technologist, ndipo gulu lililonse lili ndi malire a nyumba zomwe lingasainire. Ngati zatero, njira yake ndi kuwonjezera masitazi pa sukulu yovomerezedwa ndi SACAP.

Asanachoke ku Blantyre atolereretu izi: satifiketi, transcript ya zaka zonse yodindidwa ndi sukulu, ndi ndondomeko ya phunziro lililonse yosonyeza maola amene anathera mu situdiyo. Ndondomekoyi ndi yomwe anthu amaiwala, ndipo kuitanitsa uli kunja kumadya miyezi. Asungenso zojambula zake kuyambira chaka choyamba, ngakhale zoyeserera za pensulo zija zamakwinya m'mphepete, chifukwa oyesa amafuna kuona mmene ganizo linakulira mpaka kufika pa pulani yomaliza. Pa ntchito ya pagulu alembe pansi pa pepala kuti gawo lake linali liti. Chilolezo chogwira ntchito m'dzikolo ndi nkhani inanso, ya ku Home Affairs, ndipo SACAP sipereka chimenecho.

Ngati mabungwe akuluakulu monga UIA ndi CAA sapereka laisensi, nanga phindu lake n'chiyani?
*Wophunzira wa ku Kitwe*

Phindu lake ndi muyeso umodzi womwe maiko angakhulupirire. UIA, bungwe la ma architect padziko lonse, inakhazikitsidwa ku Lausanne mu 1948 ndipo likulu lake lili ku Paris. Mu 1996 inagwirizana ndi UNESCO pa chikalata cha maphunziro chomwe chimati munthu aphunzire zaka zosachepera zisanu, kenako azolowere ntchito zaka zosachepera ziwiri. Mu 1999 ku Beijing inavomereza mfundo za kagwiridwe ka ntchito zotchedwa UIA Accord. Zonsezi ndi malangizo, osati malamulo. Dziko lililonse limasankha lokha zomwe litenge.

CAA, bungwe la ma architect a maiko a Commonwealth, inayamba mu 1965, ndipo ntchito yake yodziwika ndi kuyendera sukulu. Gulu la oyesa limakhala pasukulu masiku angapo, likuona zojambula za ophunzira okhoza kwambiri, apakati, ndi omwe anapambana movutikira. Zojambula za omalizawa n'zofunika kwambiri chifukwa zimaonetsa mzere wapansi womwe sukulu imalola munthu kudutsa.

Mu 2008 mabungwe oyendera sukulu a ku United States, Canada, Australia, China, Korea ndi Mexico, pamodzi ndi CAA, anasaina Canberra Accord, ndipo SACAP inalowa pambuyo pake. Mgwirizanowu umati maphunziro ovomerezedwa ndi mmodzi wa iwo kuyambira pa 1 Januwale 2010 ndi ofanana mlingo ndi a enawo. Umathera pa maphunziro basi. Wopita ku United States, mwachitsanzo, amadutsabe zofuna za boma la chigawo chomwe akupita, ndipo njira yozolowereka ya NCARB, bungwe logwirizanitsa maofesi opereka laisensi m'zigawozo, imafuna maola 3,740 a ntchito ndi mayeso a zigawo zisanu ndi chimodzi. Choti mufufuze inuyo ndi chakuti pulogalamu yanu, osati dzina la yunivesite lokha, inali pa mndandanda wovomerezeka m'chaka chomwe munamaliza. Chivomerezo chimatha ntchito pakapita zaka zingapo, ndipo omaliza pa nthawi yomwe chinali chitaduka amavutika.

Muno mu Africa tili ndi Africa Union of Architects, yomwe inabadwira ku Lagos mu 1981. Anzathu a East African Community anapita patsogolo mu 2011 posaina mgwirizano wozindikirana ma architect awo. Maganizo athu ndi akuti Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ayenera kuchita chimodzimodzi, poti kaphunziridwe kathu kanachokera kumodzi ndipo makontilakitala amaoloka kale pa Mchinji tsiku ndi tsiku.

Ndili ku Manchester ndipo ndinalembetsedwa kale kumudzi. Ndikalowa RIBA ndingadzitche architect kuno?
*Bambo wa ku Manchester*

Musayerekeze bambo, mungapalamule. Ku Britain dzina loti architect limatetezedwa ndi Architects Act ya 1997, ndipo wololedwa kuligwiritsa ntchito pa malonda ndi yemwe ali m'kaundula wa ARB, bodi yolembetsa ma architect m'dzikolo. RIBA, yomwe inayamba mu 1834, ndi bungwe la umembala. Imayenderadi sukulu zakunja n'kuzivomereza, koma chivomerezo chimenecho sichimanga ARB. Njira yakhala yoti wobwera ndi mapepala akunja aonekere pamaso pa oyesa a ARB ndi zojambula zake pa Part 1 ndi Part 2, omwe ndi magawo a maphunziro a kusukulu, kenako alembe Part 3, mayeso a kagwiridwe ka ntchito, atagwira ntchito yoyang'aniridwa miyezi 24. Njira yachidule ilipo kwa olembetsedwa ku United States, Australia ndi New Zealand, malinga ndi mapangano a 2023, koma Malawi sali m'menemo. ARB ikusintha dongosolo la ma Part limeneli, choncho werengani zomwe yalemba pa webusaiti yake musanalipire ndalama iliyonse. Pakadali pano mutha kugwira ntchito mu ofesi monga architectural assistant kapena designer, chifukwa lamulolo limateteza dzina osati kujambula.

Mpingo wathu walandira mapulani a tchalitchi kuchokera kwa architect wa ku Ulaya, mwaulere. Tingamange nawo?
*Mkulu wa mpingo, Karonga*

Landirani mphatsoyo ndi manja awiri, koma musakumbe maziko. Mfundo ya UIA ndi yakuti architect wogwira ntchito m'dziko lomwe sanalembetsedwe agwirizane ndi architect wa m'dzikomo. Pezani wolembetsedwa kuno, ndipo funsani nambala yake ya m'kaundula. Iyeyo, pamodzi ndi injiniya wa zomangamanga, aunike mapulaniwo asanapite kukhonsolo.

Zoti aone n'zambiri. Karonga inagwedezeka ndi zivomezi mu Disembala 2009, motero khoma lalitali la tchalitchi lifunika mizati ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, zowerengedwa ndi injiniya. Denga lathyathyathya lomwe limakhala bwino kwina limasunga madzi mvula yathu ikatsika mwamphamvu, pokhapokha mipope yotsitsa madzi ikulitsidwe. Mazenera aakulu agalasi oyang'ana kumadzulo amasandutsa chipinda uvuni mu Okutobala kunyanja kuno. Palinso malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndiye miyeso ya makoma iyenera kusinthidwa kuti igwirizane ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza.

Lembani pangano la mbali zitatu, mpingo ndi ma architect awiriwo. Linene yemwe ali mwini zojambula, yemwe angavomereze kusintha, yemwe adziyendera malo omangapo ndi kangati, komanso yemwe inshuwalansi yake idzalipire khoma likang'ambika. Inshuwalansi ya wa ku Ulaya uja nthawi zambiri imatchula maiko omwe imagwira ntchito, choncho mufunseni akuonetseni tsamba limenelo.